Zipinda Zinayi

Dumingu anagwa pa ngolo ya thonje ku Ngabu,
gudumu linamuponda pamsongolo.
Fupa linathyoka mwaulemu, osaboola khungu.
Tinamumanga chikhakha dzuwa likulowa,
ndinalemba m'faelo kuti ali bwino
n'kupita kukadzithira madzi.

Cha m'ma leveni, namwino Esinala anagogoda pazenera:
"Wa pabedi seveni uja akubuula.
Jakisoni wa ululu ndabaya kawiri,
koma ngati ndathira madzi pamchenga."

Usiku wa Okutobala kuno ku Chikwawa
sudziwa kuzizira.
Ndinamupeza ataluma chitenje cha mkazi wake,
bambo amene amadula nzimbe ku Nchalo
osadandaula matuza.
Kuthyoka fupa kumawawa, inde,
koma uwu unali ululu woposa bala lake.

Ndinagwira chala chachikulu cha phazi,
ndinachipinda pang'ono chabe.
Anakuwa mpaka wodi yonse inadzuka.

Lumo. Chikhakha tinachidula chonse,
thonje la mkati, bandeji, zonse pansi.
Katumba anali gwa, wonyezimira,
ngati chikopa cha ng'oma chowambidwa pamoto.
Pakati pa chala chachikulu ndi chinzake
ndinakanda ndi chikhadabo.
"Mwandigwira?" anafunsa.

Mtsempha wa paphazi unkagundabe.
Wophunzira wathu anamwetulira: "Magazi akuyenda."
Ndinati, mwanawe, usakhulupirire ameneyo,
amagunda ngakhale nyumba ikupsa.
Ukadikira kuti asiye
udzakhala ukuyeza podula mwendo.

Mwendo uli ndi zipinda zinayi,
makoma ake satambasuka.
Mnofu ukatupa ulibe kothawira,
umadzitsamwitsa wokha
monga Shire akadzaza
n'kukankha Mwanza kubwerera m'minda ya anthu.
Maola asanu ndi limodzi, mwina osakwana,
ndipo angati apita kale, palibe ankadziwa.

Mkazi wake, Nyakhuwa, anakweza mwendo pamapilo atatu.
Ndinachotsa awiri.
Ukhale molingana ndi mtima, mayi, osapitirira.
"Mukufuna kung'amba mwendo wopanda chilonda?"
Ee. Mbali zonse ziwiri.
Anandiyang'ana nthawi yaitali
asanaviike chala mu inki.

Blantyre ili pamwamba pa zitunda za Thabwa,
ambulansi inali itapita ndi mayi woyembekezera.
Tinadzutsa a Mtambalika kuti amugoneke.
Magetsi anathima tikuvala magolovesi,
jenereta inatsokomola kawiri, kachitatu inavomera.

Mpeni woyamba kunja,
kuchokera pansi pa bondo mpaka pafupi ndi kakolo.
Musaumire, bala lalifupi ndi bodza.
Wachiwiri mkati.
Nembanemba itang'ambika mnofu unatumphukira panja,
wakuda bii ngati chiwindi chogonera.
Chimodzi, ziwiri, zitatu.
Chachinayi chimabisala kuseri kwa fupa,
ndicho chimaiwalika ndi manja otopa.
Ndinachitsegula.

Kenaka kudikira.
Thukuta linkatsikira m'nsapato zanga.
Pang'onopang'ono kufiira kunabwerera,
ndinatsina mnofu ndi chitsulo, unanjenjemera.
Esinala anapumira m'mwamba m'kansalu ka kukamwa.
Kachigawo kamodzi kanakana, kotuwa, kosakha magazi.
Tinakachotsa. Kameneko ndi ka maola aja
amene ine ndinali kusamba ndi kugona.

Mabala sitinasoke.
Tinawaphimba ndi nsalu zonyowa,
dripi ikutsika botolo ndi botolo,
maso athu pa thumba la mkodzo
kuopa mtundu wa tiyi wopanda mkaka,
pakuti mnofu wakufa umapita kukatseka impso.
Kunacha uli woyera.

Mkuja tidzamubwezera ku fiyeta kukaonanso.
Mwina padzafunika khungu la pantchafu kuti titseke.
Zipsera zidzakhala zazitali ngati mizere ya thonje
ndipo adzazifotokoza mosiyanasiyana pa bawo.

M'mawa uno ndamupeza akumwa phala.
Ndati, gwedeza chala.
Chagwedera pang'ono, ngati chikuchita manyazi.
Iye wafunsa za ng'ombe zake,
ngati wina anakumbukira kuzimasula pagoli.